Collimation: mmene mungawongolere akalilole a telesikopu yanu osaiwononga

Funso ili landipeza kambirimbiri moti ndaona kuti bola ndingolemba kamodzi, aliyense wofunsa ndizingomulozera pano. Limabwera mosiyanasiyana koma nkhani yake ndi imodzi. Wina amati ndagula telesikopu koma Jupiter akungooneka mbuu, mizere yake ija sindikuiona. Wina amati nyenyezi zili ndi timichira mbali imodzi olo ndisinthe fokasi bwanji. Nde pali ena oti anaigula kwa munthu, yabwera pa basi ikugwedezeka njira yonse, ndipo akuganiza kuti anawabera ndalama. Nthawi zambiri telesikopuyo imakhala ilibe vuto, akalilole ake amakhala angosemphana basi, ndipo ntchito yowabwezera pamzere umodzi ndi yomwe imatchedwa collimation.

Musanagwire screw ina iliyonse dziwani kaye mtundu wa telesikopu yomwe muli nayo, chifukwa ina simuyenera kuigwiragwira nkomwe.

Refractor ndi ija yachubu chowonda, kutsogolo kuli lenzi, inu mumasuzumira kumbuyo. Ndi mtundu wakale kuposa yonse, Hans Lipperhey anaupemphera patenti ku Netherlands mu 1608, Galileo anapanga yake mu 1609 nkuona miyezi inayi ya Jupiter mu 1610. Ma lenzi ake amamangidwa ku fakitale ndipo zambiri zotchipa zilibe ndi ma screw owongolera omwe. Mukaona mtundu wa papo kapena wabuluu m'mphepete mwa mwezi imeneyo si nkhani ya collimation, ndi mmene lenzi yotchipa imapindira kuwala, mitundu siikumana malo amodzi. Isiyeni choncho, musamasule.

Newtonian ilibe lenzi kutsogolo, chubu chake ndi chotseguka. Pansi penipeni pali kalilole wamkulu wokumbika pakati, amene amatchedwa primary, ndipo chakukamwa kwa chubu kuli kakalilole kakang'ono kopendekera madigiri 45, ka secondary, komwe kamaponyera kuwala m'mbali kukalowa mu focuser, chija mumaikamo eyepiece, kalenzi komwe mumaikapo diso posuzumira. Isaac Newton anapanga yoyamba mu 1668. Dobsonian ndi Newtonian yomweyo, kungoti imakhala pa bokosi lamatabwa lozungulira mmalo mwa miyendo itatu, njira yomwe John Dobson anaitchukitsa ku San Francisco m'zaka za m'ma 1960. Mtundu umenewu ndi womwe umasemphana pafupipafupi ndipo zambiri zomwe ndilembe pano ndi za iwo.

Schmidt-Cassegrain, anthu amangoti SCT, ndi yaifupi yonenepa, kutsogolo kuli galasi lokhala ndi kachozungulira pakati, mumasuzumira kumbuyo. Inafala kampani ya Celestron itatulutsa C8 mu 1970. Imafuna kuwongola mwa apo ndi apo koma njira yake ndi ina, ndiifotokoza kumapeto. Maksutov imafanana nayo koma galasi lakutsogolo ndi lokhuthala lopindika, pakati pali kadontho ka siliva, ndipo zambiri zimatha zaka osafuna kugwiridwa.

Pali mtundu wina womwe ndimafuna muudziwe chifukwa umagulitsidwa kwambiri kwa oyamba kumene. Imaoneka ngati Newtonian, pa stika palembedwa kuti focal length, mtunda wochokera pa kalilole kukafika pomwe kuwala kumakumana, ndi 1000mm koma chubu chake mukachiyeza ndi theka chabe la mita. Imeneyo amaitcha Bird-Jones, munsi mwa focuser anabisamo kalenzi, ndipo kalenziko kamasokoneza zida zowongolera makamaka laser, kachida kolowa mu focuser koponya kadontho kofiira pa akalilole. Imatheka kuwongola koma ndi yovuta, ndipo olo muiwongole bwanji chithunzi chake sichifika pa Newtonian yeniyeni. Ngati simunagule, ilambalaleni.

Chinanso choti muone pa stika ndi nambala ya f. Mumagawa focal length ndi kukula kwa kalilole, 1200mm kugawa ndi 200mm ndi f/6, 650 kugawa ndi 130 ndi f/5, 900 kugawa ndi 114 ndi pafupifupi f/8. Nambalayi ikuuzani kuti muyenera kusamala motani. Kalilole wa Newtonian amapereka chithunzi chakuthwa pa kadera kakang'ono kokha pakati, kunja kwa kaderako nyenyezi zimayamba kumera timichira, vuto lomwe limatchedwa coma. Pa f/8 kaderako ndi pafupifupi mamilimita 11, pa f/6 pafupifupi 5, pa f/5 sikafika ndi 3 pomwe, pa f/4 ndi kamilimita kamodzi ndi theka. Collimation yonse cholinga chake ndi kuti kadera kameneka kagwere pakati penipeni pa eyepiece yanu. Nde mwini f/8 atha kuphonya pang'ono osaona kusiyana, koma mwini f/5 akaphonya ndi mamilimita awiri okha Saturn amaoneka ngati wapakidwa mafuta.

Zida sizifuna ndalama zambiri. Choyamba ndi collimation cap, kachivindikiro kolowa mu focuser kokhala ndi kabowo pakati, mkati mwake koyera kapena konyezimira. Mutha kupanga nokha, tengani chivindikiro cha focuser chomwe chinabwera ndi telesikopu kapena kabotolo ka filimu ya kamera zakale za 35mm, kamalowa bwinobwino mu focuser ya 1.25 inch, boolani kabowo ka mamilimita awiri pakati penipeni, mkati mumatemo pepala loyera. Kabowoko kakhale pakati ndithu, yezani ndi rula, osaboola mongoganizira. Chachiwiri ndi Cheshire, kachubu kokhala ndi kabowo pamwamba, windo m'mbali lolowetsa kuwala, ndi timawaya tiwiri topingasana pansi. Ngati mungakwanitse kugula chida chimodzi chokha gulani chimenechi, osati laser. Muonjezere allen key yolingana ndi ma screw anu, screwdriver, pepala loyera ndi pepala lamtundu wina uliwonse. Gwirani ntchitoyi masana pamalo powala, chubu chitaloza khoma loyera, ndipo chisaloze dzuwa olo kwa sekondi imodzi, maso amapsa nthawi yomweyo ndipo sabwerera.

1. Gonekani chubu. Chikhale chopingasa kapena kukamwa kwake kutsike pang'ono. Ma screw a secondary ali kutsogolo, mukamawapotoza chubu chitaimirira allen key ikapulumuka m'manja imagwera pa kalilole wamkulu, ndipo chipsera chimenecho sichichoka.

2. Onani ngati kalilole wamkulu ali ndi chizindikiro pakati. Suzumirani kukamwa kwa chubu, muyenera kuona kamphete kakang'ono komatidwa pakati pa kalilole. Ambiri amabwera nako kale. Ngati palibe, muyenera kukaika, chifukwa popanda kamphete mukhala mukungoyerekeza. Lembani ndi maka pamene chimango cha kalilole chakumana ndi chubu kuti mudzabwezere momwemo, masulani, tulutsani kalilole. Dulani pepala lozungulira lolingana ndendende ndi kalilole, lipindeni kawiri kuti likhale magawo anayi, dulani kansonga, litambasuleni, ligonekeni pa kalilole mosakhuza, donthezani kadontho ka maka pa kabowoko kenako matani kamphete ka pepala mozungulira kadonthoko, timphete tija tolimbitsira mabowo a mapepala a mu fayilo. Musaope kuti kawononga chithunzi, pakati pa kalilole pamakhala kale mu mthunzi wa secondary, sipagwira ntchito.

Poti kalilole ali panja onaninso tizitsulo titatu tomwe tamugwira m'mbali, ma clip. Sitiyenera kumufinya. Kapepala kazitha kulowa pakati pa clip ndi galasi. Tikathina kwambiri galasi limapindika pang'ono ndipo nyenyezi zimaoneka za makona atatu, ndipo palibe collimation yomwe ingachotse zimenezo.

3. Yezani spider. Spider ndi tizitsulo topyapyala tomwe tagwira secondary pakati pa chubu. Tengani rula muyeze kuchokera pa screw yapakati kukafika m'mphepete mwa chubu mbali zonse, ziyenera kufanana. Ngati sizikufanana masulani mbali imodzi mumange inayo mpaka zifanane. Tizitsulo tikhale tolimba, tosapotoka.

4. Ikani secondary pamalo pake pansi pa focuser. Apa ndi pomwe malangizo ambiri amalumpha, amangoti ikani laser mupotoze ma screw mpaka kadontho kagwere pakati, ndipo anthu amachitadi zimenezo, kadontho nkugweradi pakati, koma chithunzi nkukhalabe chosakoma ndi mbali imodzi yakuda. Chifukwa chake nchakuti secondary kamasuntha m'njira zitatu zosiyana. Kamatha kutsika kapena kukwera motsatira chubu, kamatha kutembenuka pa screw yake yapakati, komanso kamatha kupendekera. Laser imaona kupendekera kokha. Zinazo ziwiri siiziona nkomwe, moti mutha kukhala ndi secondary kotembenukira kumbali, kenako nkukapendeketsa mopyola muyezo kuti kadontho kagwere pakati, zolakwika ziwiri nkuphimbirana.

Chovuta china ndi chakuti mukasuzumira mu cap koyamba mumaona zozungulira zambirimbiri, china mkati mwa chinzake, ndipo simudziwa kuti chenicheni ndi chiti, chithunzi chabe ndi chiti. Mankhwala ake ndi mapepala awiri aja. Loyera liikeni mkati mwa chubu kuseri kwa secondary, mbali yoyang'anizana ndi focuser, kuti m'mphepete mwa kakaliloleko muzioneka bwino. Lamtundu lija lipindeni liime mkati mwa chubu pakati pa secondary ndi primary kuti litchinge kalilole wamkulu, koma lisakhudze galasi lililonse. Tsopano suzumirani. Zozungulira zonse zija zachoka, kwatsala ziwiri zokha, mkombero wa focuser kunja, ndi secondary mkati, katadzaza mtundu wa pepala lanu. Sunthani focuser kulowa kapena kutuluka mpaka mpata wa pakati pa ziwirizi uchepe, mpata ukakhala waung'ono diso limaona msanga ngati mbali ina yakula.

Mukufuna zinthu ziwiri. Secondary kaoneke kozungulira bwinobwino, ndipo kakhale pakati pa mkombero wa focuser, mpata wofanana mbali zonse. Kakalilole kameneka mukakatulutsa ndi kotalika mbali imodzi, kamangooneka kozungulira chifukwa kapendekera madigiri 45 ndipo kayang'ana focuser maso ndi maso. Nde mukakaona kali ndi maonekedwe a dzira lopendekera, dziwani kuti katembenuka.

Kumbuyo kwake, kutsogolo kwa chubu, kuli screw imodzi yaikulu pakati ndi timascrew titatu mozungulira. Yapakatiyo imakoka, titatuto timakankha. Gwirani chogwirira cha secondary ndi dzanja limodzi, chachitsulo kapena pulasitiki chija, galasi musalikhudze, masulani titatuto pang'ono mofanana mpaka chogwirira chizitha kutembenuka. Ngati secondary kakuoneka kuti katsikira kwambiri mbali ya kalilole wamkulu, mangani yapakati, ikakokera kukamwa kwa chubu. Ngati kakwera kwambiri, masulani yapakati pang'ono kenako mange titatuto kuti tikakankhire pansi. Yapakatiyo musaimasule mopitirira, ndi yokhayo yomwe yagwira kakalilole, ikatuluka kagwa. Mukafika pabwino tembenuzani chogwirira uku ndi uku mukusuzumira, muona kakalilole kakuphwatalala kenako nkuzungulira kenako nkuphwatalalanso mbali inayo, imani pamene kazungulira kwambiri. Kenako mangani titatuto pang'onopang'ono mosinthanasinthana, aka pang'ono, ako pang'ono, osamaliza kamodzi musanagwire tinato.

Apa ndi pomwe mtima umatha, chifukwa pomwe mukumanga kascrew komaliza secondary kamatembenuka kokha nkubwerera pomwe kanali. Si inu mukulakwitsa. Nsonga za timascrew zimakumba timaenje pa chogwirira, ndiye nthawi zonse zimaterereka nkugwera mu timaenje takale. Dulani washa kuchokera ku botolo lapulasitiki la mkaka, kachozungulira kokhala ndi bowo la screw yapakati, kaikeni pakati pa timascrew ndi chogwirira, mutha kuika awiri. Nsonga zimakankha pa pulasitiki yosalala ndipo zonse zimayenda mofewa. Ndimauza aliyense kuti achite zimenezi tsiku loyamba lomwelo.

Foni ingakuthandizeni. Gunditsani kamera pa kabowo ka cap mujambule, kenako kulitsani chithunzicho muyerekeze mipata. Diso likatopa limavomera chilichonse, chithunzi mutha kuchiyeza ndi rula. Sitepe imeneyi ikhoza kukutengerani ola lathunthu tsiku loyamba ndipo palibe cholakwika, ubwino wake mukaikhoza simudzaibwerezanso kwa nthawi yaitali pokhapokha telesikopu itagwa kapena mutaimasula.

5. Pendeketsani secondary. Chotsani pepala lamtundu lija, loyera lisiyeni. Tsopano mkati mwa secondary mukuona chithunzi cha kalilole wamkulu. Mukufuna kuti aoneke yense, ma clip onse atatu aoneke mofanana m'mphepete, ndipo ngati muli ndi Cheshire timawaya topingasana tidutse pa kamphete kapakati. Gwiritsani ntchito timascrew titatu tokha, yapakati musaigwirenso. Zimayenda ngati kuwongola gudumu la njinga, ukamanga sipoko imodzi uyenera kumasula ina, apo ayi ukungothinitsa chabe osasuntha kanthu. Masulani kamodzi pang'ono, mange tinato, suzumirani, bwerezani. Kupotoza kwake kukhale kochepa, kosafika ndi kotala yomwe ya kuzungulira kumodzi.

Pakadali pano musalabadire chithunzi cha spider ndi kachozungulira kakuda komwe kakuoneka mkati mwa kalilole wamkulu, zimenezo ndi za sitepe yotsatira. Mukamaliza bwererani ku sitepe 4 muone ngati secondary kakadali kozungulira ndiponso pakati. Ngati mwapeza kuti kascrew kamodzi kalowa kwambiri kuposa tinzake ndipo kakalilole kaphwatalalanso, ndiye kuti kanali kotembenuka, masulani titatuto tifanane muyambirenso kutembenuza. Kubwereza kawiri katatu ndi mmene zimakhalira.

6. Wongolani kalilole wamkulu. Iyi ndi yosavuta koma ndi yomwe imakhudza kwambiri kuthwa kwa chithunzi. Kumbuyo kwa chubu nthawi zambiri kuli ma screw sikisi, atatu owongolera, atatu olokera. Masulani olokerawo kaye. Suzumirani mu cap, muona chozungulira chowala chokhala ndi kadontho kakuda pakati, kadonthoko ndi chithunzi cha kabowo komwe mwaikapo diso. Potozani owongolera mpaka kadontho kakudako kalowe pakati pa kamphete. Pa Cheshire ndi chimodzimodzi, kamphete kakhale pakati pa chozungulira chowala. Gwiritsani ntchito ma screw awiri okha, yachitatu isiyeni, mukamapotoza onse atatu tsiku ndi tsiku kalilole amayenda pang'onopang'ono mpaka masipuling'i kutha mphamvu kapena screw kutuluka. Ngati chubu ndi chachitali pemphani mnzanu azipotoza inu mukusuzumira. Pomaliza mangani olokera mongogunditsa, osati mwamphamvu, ndipo suzumiraninso chifukwa olokerawo amakankha kalilole.

Mukamaliza mwina muona kuti mthunzi wakuda wa secondary suli pakati penipeni pa zonse, wasendera pang'ono mbali ya kalilole wamkulu. Pa f/5 ndi f/4 zimaonekera kwambiri. Imeneyo ndi offset, ndi mmene ziyenera kukhalira, musayambe kumasulanso pofuna kuti zonse zikhale pakati.

Za laser tsopano. Ndi yabwino usiku chifukwa ndi yachangu, pa sitepe 5 mumapendeketsa secondary mpaka kadontho kofiira kagwere mkati mwa kamphete, pa sitepe 6 mumapotoza primary mpaka kuwala kobwerera kugwere pakati pa chandamale cha laser. Koma ma laser otchipa ambiri amabwera okha ali okhota. Khomani misomali inayi pa thabwa, iwiriiwiri mopingasana, gonekani laser pamenepo italoza khoma lomwe lili mamita anayi kapena asanu, izungulizeni pang'onopang'ono. Kadontho kakaima malo amodzi ili bwino, kakamajambula chozungulira pakhoma ndiye kuti laser ikunama ndipo iwononga collimation yomwe inali yabwino kale. Zambiri zili ndi timascrew titatu m'mbali tobisika ndi guluu towongolera. Onaninso ngati ikugwedera mu focuser. Ndipo musanasuzumire kukamwa kwa chubu ikani pepala kutsogolo muone ngati kuwala kukuphonya secondary nkutuluka, kungakuloweni m'diso.

7. Yesani pa nyenyezi. Ichi ndiye chigamulo chomaliza, zida zonse zija zimangokufikitsani pafupi. Tulutsani telesikopu panja ikhale mphindi 30 mpaka ola kuti kalilole azizire afanane ndi mpweya wa panja, kalilole wofunda amatulutsa mpweya wotentha mkati mwa chubu ndipo chithunzi chimavina. Ikani eyepiece yokulitsa kwambiri, pa chubu cha 1200mm eyepiece ya 6mm imakulitsa ka 200, chifukwa mumagawa 1200 ndi 6.

Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a ku Ulaya ndi ku America ndipo onse amati gwiritsani ntchito Polaris, nyenyezi ya pafupi ndi pole yakumpoto, poti siyenda. Kwa ife a kumwera kwa equator zimenezo sizitheka, Lilongwe ili pafupifupi madigiri 14 kumwera, Polaris imakhala pansi pa nthaka chaka chonse. Nyenyezi ya pafupi ndi pole yakumwera, Sigma Octantis, ndi yofooka moti ndi maso imavuta kuiona. Nde timagwiritsa ntchito nyenyezi zoyenda, bola ikhale pamwamba ndithu osati pafupi ndi mapiri kapena madenga. Kuyambira April mpaka July madzulo ndimakonda Gacrux, yofiirira ya pamwamba pa Southern Cross, gulu la nyenyezi looneka ngati mtanda, chifukwa ili chakumwera kwambiri ndipo imayenda pafupifupi theka la liwiro la nyenyezi zodutsa pa equator ya kuthambo. Musatenge Acrux ya pansi pake kapena Alpha Centauri, zimenezo ndi nyenyezi ziwiriziwiri zoyandikana, zikusokonezani. Kuyambira December mpaka March mutha kutenga Alnilam, yapakati pa Akamwiniatsatana, imadutsa pamwamba bwino koma imathamanga, muzikankha chubu pafupipafupi. Sirius ndi yowala mopyola, imathobwa m'maso.

Ikani nyenyezi pakati penipeni pa eyepiece, chotsani fokasi pang'ono chabe mpaka muone timizere tozungulira tingapo ndi kamdima pakati. Osaichotsa kwambiri mpaka kukhala chimphete chachikulu, chimphete chachikulu chimabisa zolakwika. Ngati timizere tazungulira mofanana mbali zonse, mwatha. Ngati tathinana mbali imodzi nkutambasuka mbali inayo, primary ikufuna kagwiridwe kakang'ono. Kuti mudziwe screw yoti mugwire, ikani chala m'mphepete mwa kukamwa kwa chubu, muona mthunzi wake pa timizere, chiyendetseni mozungulira mpaka mthunzi ufike mbali yotambasuka kapena yothinana, kenako tsatani mzere umenewo kutsika mpaka kumbuyo kwa chubu, screw yomwe ili pamzerewo kapena yoyang'anizana nayo ndi imeneyo. Ipotozeni mbali yomwe ikupangitsa nyenyezi kusunthira komwe timizere tatambasukira. Kenako, ndipo apa ndi pomwe ambiri amaiwala, sunthani telesikopu yonse kuti nyenyezi ibwerere pakati musanaweruze. Nyenyezi ikakhala m'mbali imaonetsa coma olo collimation ili yabwino. Poyesa pa nyenyezi secondary musakagwire.

Eni SCT, sitepe 7 yokhayi ndiyo njira yanu, kungoti ma screw anu ndi atatu aja ali pa kachozungulira kutsogolo kwa galasi, nthawi zina amabisika ndi kachivindikiro. Ngati pali screw ina pakati musaigwire. Potozani pang'ono kwambiri, kagawo kamodzi mwa magawo asanu ndi atatu a kuzungulira nkokwanira kusintha chithunzi, ndipo musamasule onse atatu nthawi imodzi chifukwa secondary katha kugwera mkati. Samalani nsonga ya screwdriver mumdima, galasi lili pompo.

Pali zina zomwe zimaoneka ngati collimation koma si iyo. Timizere tikamawira ndi kugwedezeka ndi mpweya wa kumwamba, kapena mwaloza pamwamba pa denga la malata lomwe likutulutsa kutentha kwa masana, sunthani mukaime pa udzu kapena dikirani usiku wina. Miyezi ya September ndi October utsi wa moto wa tchire ndi fumbi zimachititsa thambo kukhala mbuu, nyengo yozizira ya June ndi July thambo likayera ndi yomwe mungaweruze bwino telesikopu yanu. Chithunzi chikayamba kuzimirira pakati pa usiku unikani secondary ndi tochi, mwina ndi mame. Ndipo ngati timizere tili pakati bwinobwino koma tikuoneka mosiyana kwambiri mukachotsa fokasi kulowa mkati ndi kutuluka kunja, vuto likhoza kukhala kasemedwe ka kalilole. Ndi zomwe zinachitikira Hubble, telesikopu ya mumlengalenga, itaponyedwa mu 1990, kalilole wake anasemedwa mophwatalala kwambiri m'mphepete ndi pafupifupi ma micron awiri (micron ndi gawo limodzi mwa magawo 1000 a milimita), kuwongola sikukanathandiza, mpaka anapita kukaikamo magalasi okonzera mu December 1993. Kuwongola kwenikweniko ngakhale matelesikopu akuluakulu amachita, SALT ya ku Sutherland ku South Africa ili ndi akalilole 91 ndipo James Webb ya mumlengalenga ili ndi 18, onse ayenera kulunjikitsidwa kuti agwire ntchito ngati kalilole mmodzi, ndipo a Webb anatenga miyezi ingapo mu 2022.

Fumbi pa kalilole lisakupatseni nkhawa. Mukaunika ndi tochi limaoneka lambiri koma pa chithunzi silisintha kanthu kwenikweni, chomwe chimawononga ndi kupukuta ndi nsalu kapena tishu, chifukwa aluminiyamu yonyezimirayo ili pamwamba pa galasi ndipo fumbi lathu lili ndi mchenga, limakanda. Vindikirani chubu mbali zonse ziwiri mukamaliza, kumbuyo mutha kuvekako chipewa chapulasitiki chosambira nacho.

Kuyambira pano, nthawi iliyonse mukatulutsa telesikopu ikani cap kapena Cheshire musuzumire kusanade. Ngati mwaichotsa m'nyumba kupita pabwalo mwina simugwira kanthu. Ngati yayenda pa galimoto mumsewu wa maenje, yembekezani kuti primary yasuntha, chitani sitepe 6 yokha, ndi ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo ma clip atatu aja akamaonekabe mofanana secondary kasiyeni. Ponyamula gonekani chubu pampando wakumbuyo pa bulangeti ndipo muchimange ndi lamba, osati mu buti momwe chizigubuduka.